CITSULO CA M'BONDO KAPENA M'CIUNO CIKAYAMBA KUCITA MAFINYA

(Mau olankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe)

 Masiku onse pa nthawi yino timakambirana za mbeu, za manyowa ndi za ziweto. Lero tikambirana za mlimi mwini wace, pakuti khasu silidzigwira lokha, ndipo munda wa munthu wogona pamphasa umamera udzu ngakhale mbeu yace ikhale yabwino cotani.

Nkhani yathu ndi ya anthu amene anacitidwa opareshoni yocotsa mfundo yoonongeka ya m'ciuno kapena ya m'bondo, nawaikira ina yacitsulo. Kale tinali kungomva kuti anthu otere ali ku Ulaya, koma tsopano alipo m'midzi mwathu. Ena anacitidwa konkuno, ena ku South Africa kapena ku India. Ambiri a iwo anacira bwino, nataya ndodo, nabwerera kumunda. Koma pa anthu 100 ocitidwa opareshoni imeneyi, mmodzi kapena awiri amalowedwa ndi tizirombo pamalo pomwe pali citsulopo. Nthendayi imaciritsika ndithu, koma kuciritsika kwace kumatsata masiku. Munthu wofika msanga kucipatala kawirikawiri amasunga citsulo cace. Munthu wocedwa amacicotsetsa, ndipo amataya miyezi yambiri ali gone.

MFUNDO YACITSULO NCIANI?

Mukapha mbuzi ndi kulekanitsa mwendo, mumaona kuti kumapeto kwa pfupa kuli kanyama koyera, kolimba ndi koterera. Kanyama kameneka ndiko kamacititsa kuti mafupa awiri aziyenda bwino pokumana pao. Munthu nayenso ali nako. Kakatha cifukwa ca ukalamba, kapena ngozi, kapena cifukwa mwazi waleka kufika kumutu kwa pfupa la nchafu, mafupa amakhulana okhaokha monga mphero yopanda mafuta. Pamenepo adotolo amadula mutu woonongekawo, naika mutu wacitsulo ndi kacikho kapulasitiki kolandira mutuwo. Nthawi zambiri amazimata ku pfupa ndi simenti yapadera ya kucipatala.

Amene anakonza bwino njira imeneyi ndi dotolo wa ku Mangalande, John Charnley, pa cipatala ca Wrightington m'caka ca 1962. Iyenso anakumana ndi bvuto lomwe tirikukambali. Poyamba odwala ace 7 kapena kuposerapo pa 100 ali onse anali kucita mafinya. Tsono anamanga cipinda ca opareshoni colowa mpweya wosefedwa, nabveka madotolo zobvala zophimba thupi lonse, kufikira nambala ija inatsika kufika pafupi ndi munthu mmodzi pa 100.

Kuno ku Malawi cipatala ca Beit CURE ku Blantyre cinatsegulidwa m'caka ca 2002, ndipo anthu ambiri anaikidwa mfundo zacitsulo kumeneko. M'caka ca 2005 madotolo a mafupa anayamba kaundula wolembamo maopareshoni otere a dziko lonse. M'caka ca 2023 kunatsegulidwanso cipatala ca mafupa ca LION pafupi ndi Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Komanso kuyambira caka ca 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa acipatala odziwa za mafupa amene amagwira nchito m'zipatala za m'maboma. Cotero mlimi ali nako koyambira kufupi ndi kwao.

CIFUKWA CACE TIZIROMBO TIMAKONDA CITSULO

M'mwazi mwathu muli asilikali ang'onoang'ono omenyana ndi tizirombo. Paliponse pamene mwazi ufika, iwonso amafika, ndipo mankhwala amene timamwa amayenda njira yomweyo. Koma citsulo ciribe mitsempha, simenti iribe, pulasitiki iribenso. Cotero tizirombo towerengeka tokha, timene thupi likanatipha mosabvuta pamalo pena, tikafika pacitsulo timapeza pokhala.

Taganizani mwala wa mumtsinje. Madzi amaudutsa usana ndi usiku, koma ndere zimamerabe pamenepo, ndipo madziwo sazicotsa. Tizirombo timacita cimodzimodzi. Timamatirira pacitsulo, timaswana, ndipo timadzifunditsa ndi nembanemba yoterera imene mankhwala amalephera kuiboola. Pa masiku oyamba nembanembayo ikali yanthete, ndipo adotolo angathe kuitsuka. Pakapita masabata angapo imakhwima, ndipo palibe njira yina koma kuzula citsulo conse. Paja akulu anati m'mera mpoyamba.

Tizirombo timene timabvuta kwambiri ndi ta mtundu wa Staphylococcus. Sititalikira iai. Timakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri amoyo, ndipo ndi tomweto timacititsa zithupsa.

Njira zofikira pacitsulo ziripo zitatu. Yoyamba ndiyo kulowa pa nthawi ya opareshoni kapena pabala lisanapole, ndipo nthenda imaoneka m'miyezi 3 yoyamba. Yaciwiri ndiyo ya tizirombo tofooka timene tinalowa pa opareshoni pomwepo koma timakula pang'onopang'ono, kotero kuti munthu amayamba kumva kuwawa patapita miyezi yambiri, ngakhale zaka 2. Yacitatu ndiyo ya m'mwazi. Munthu angakhale bwino zaka 10, koma tsiku lina cithupsa, dzino loola, cibayo, nthenda ya m'cikhodzodzo kapena cironda ca kuphazi citumiza tizirombo m'mwazi, ndipo tikakhala pacitsulo paja.

ZIZINDIKIRO

Mvetsani bwino zizindikiro izi, ndipo muuzeko ena amene sanamve.

Bala la opareshoni liyenera kuuma m'masiku owerengeka. Likamacucabe madzi kapena mafinya kupitirira sabata imodzi, kapena likauma ndi kuyambanso kucuca, pitani kucipatala.

Pamalopo pakatupa, pakatentha kuposa mwendo winawo, khungu likanyezimira kapena kusintha maonekedwe, pitani kucipatala.

Kuwawa kwa opareshoni kumacepa tsiku ndi tsiku. Kukayamba kukula, makamaka usiku pamene munthu ali cigonere, kapena munthu amene anali kuyenda bwino akalephera mwadzidzidzi kuponda pansi, pitani kucipatala.

Thupi likatentha ndi kunjenjemera, musafulumire kunena kuti ndi malungo. Kayezetseni mwazi, ndipo muwauze acipatala kuti muli ndi citsulo m'thupi. Ngakhale apeze malungo, apempheni aonenso mwendowo.

Pakatuluka kacibowo pafupi ndi cipsyera, kamene kamatulutsa mafinya, nkutseka, nkutsekukanso, dziwani kuti kacibowoko kamafika pacitsulo peni peni. Madotolo akaona cizindikiro cimeneci cokha amadziwiratu kuti tizirombo tiripo.

Cenjerani ndi ici: nthenda yoyenda pang'onopang'ono ija kawirikawiri siitenthetsa thupi. Munthu amangomva kuwawa kosatha, mwendo nkumauma. Kusatentha thupi si umboni wakuti zonse ziri bwino.

ZINTHU ZOSAYENERA KUCITA

Coyamba, musagule makapisozi kugolosale kapena kumsika. Ndipo inu oweta, ndikupemphani ndithu, musamwe kapena kuthira pabala mankhwala a ng'ombe kapena a nkhuku. Muyeso wace ndi wa ziweto, ndipo ena amaononga impso za munthu. Koma coipa cina cacikuru ndi ici: mankhwala otere amagonetsa tizirombo osatipha. Kutupa kumacepa, munthu nkumati wacira, pamene nembanemba ija irikukhwima. Ndipo akafika kucipatala adotolo amalephera kudziwa mtundu wa tizirombo, cifukwa timakana kumera poyesedwa. Ngati mwamwa kale, musabise. Tengani pepala kapena botolo lace mukawaonetse.

Caciwiri, musatemere mphini pa mfundo imene muli citsulo. Mphini iri yonse ndi khomo lotsegulira tizirombo ta pakhungu. Musamatepo masamba, phulusa, dothi kapena ndowe.

Cacitatu, musafinye kapena kuboola cotupaco. Ngakhale kucipatala cacing'ono ca kumudzi, musalole kuti abaye singano m'mfundomo. Nchito imeneyo ndi ya acipatala a mafupa, amene amaicita pamalo poyeretsedwa bwino.

MMENE ADOTOLO AMAFUFUZIRA

Mlimi wanzeru akaona cimanga cirikufota sathamangira kupopera mankhwala ali onse. Amayamba wazula phesi limodzi kuti aone ngati ndi ciswe, kapuci kapena kaufiti, pakuti ciri conse ciri ndi njira yace. Adotolo nawo amatero.

Poyamba amafunsa mbiri ya nthenda ndi kuona mwendo. Kenaka amatenga mwazi wa pamkono nayesa miyeso iwiri imene amati CRP ndi ESR. Miyeso imeneyi imakwera thupi likamamenyana ndi tizirombo, koma siinena malo pamene pali nkhondoyo. Amajambulanso pfupa ndi X-ray kuti aone ngati citsulo cagwedera kapena pfupa ladyeka, koma pa masabata oyamba cithunzi cingathe kuoneka cabwino ngakhale nthenda iripo.

Muyeso waukuru ndiwo kupopa madzi a m'mfundo ndi singano. Madziwo amawerengamo asilikali a m'mwazi aja, ndipo ena amawafesa m'timbale monga nazale, kuti tizirombo timere ndi kudziwika mtundu wace ndi mankhwala amene angatiphe. Tina timamera m'masiku 2, tina timafuna masiku 14. Ngati munthu anali kumwa mankhwala opha tizirombo, ndipo sali wodwalitsa, adotolo angamuuze aleke masabata 2 asanamupope. Amene ayenera kulamula zimenezo ndi adotolo okha. Munthu akafika wodwalitsa, tizirombo titafalikira m'mwazi, sadikira iai, amatenga zoyesa nayamba mankhwala tsiku lomwelo.

Pa opareshoni amatenganso tinyama 3 kufikira 5 kucokera mbali zosiyana za mfundo. Kuno kwathu amayesanso TB, pakuti TB siikhala m'mapapo mokha, imalowanso m'mafupa. Mafinya ongopukuta pakamwa pa bala sathandiza kwenikweni, cifukwa amasakanizika ndi tizirombo tina ta pakhungu.

KACIRITSIDWE

Mankhwala okha popanda opareshoni sacotsa nthendayi. Njira ziripo zingapo, ndipo imene adotolo adzasankha imatsata tsiku limene mwafika.

Njira yoyamba ndiyo kutsuka. Amatsegula bala, nacotsa mafinya ndi mnofu wakufa, natsuka ndi madzi ambiri, nasintha pulasitiki, koma citsulo amacisiya. Njira imeneyi ndiyo yopepuka, ndipo munthu amayambanso kuyenda msanga. Koma imatheka pokhapokha ngati sipanapite mwezi umodzi cicitikire opareshoni yoyamba, kapena, kwa munthu amene anali bwino kale, ngati sipanapite masabata 3 ciyambire kuwawa. Citsulo ciyenera kukhala cosagwedera, ndiponso pasakhale kacibowo ka mafinya kaja. Masiku amenewa ndiwo cuma ca wodwala. Musawathere pakhomo.

Njira yaciwiri ndiyo kuzula zonse ndi kuika zatsopano tsiku lomwelo. Imafuna kuti mtundu wa tizirombo udziwike bwino, ndi kuti pfupa ndi mnofu zikhale zolimba. Madotolo a ku Hamburg ku Germany ndiwo anaikulitsa, ndipo ndi iwonso anayamba kusakaniza mankhwala opha tizirombo m'simenti ca m'ma 1970.

Njira yacitatu ndiyo ya maopareshoni awiri, imene imagwiritsidwa nchito kwambiri nthenda ikakhalitsa. Pa opareshoni yoyamba amazula citsulo ndi simenti yonse, naikapo cigwiriro ca simenti yosakaniza ndi mankhwala. Wodwala amalandira mankhwala pafupifupi masabata 6, akuyenda ndi ndodo. Miyeso ikaonetsa kuti tizirombo tatha, amamucita opareshoni yaciwiri yoika citsulo catsopano. Pa anthu 10, pafupifupi 8 kapena 9 amacira ndi njira imeneyi, koma imadya miyezi, imadya ndalama, ndipo dzinja limodzi limapita osalima.

Zonsezi zikakanika, adotolo angacotse citsulo ca m'ciuno osaikanso cina. Mwendo umafupika ndipo munthu amatsimphina, koma mafinya amatha. Bondo angalilumikize kuti likhale louma losapindika. Kudula mwendo ndi njira yotsiriza, yopulumutsira moyo. Kwa okalamba amene sangapirire opareshoni, nthawi zina amapereka mankhwala akumwa masiku onse ongogonetsa nthendayo.

KUMALIZA MANKHWALA

Mankhwala a nthendayi ndi a nthawi yaitali. M'caka ca 2021 madotolo a ku France anafalitsa zimene anapeza poyerekeza odwala omwa masabata 6 ndi omwa masabata 12. Mwa omwa masabata 6, nthenda inatsalira mwa anthu 18 pa 100. Mwa omwa masabata 12 inatsalira mwa 9 okha. Cotero musaleke cifukwa bala lauma. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

M'caka ca 2019 madotolo a ku Britain anaonetsanso kuti mapiritsi osankhidwa bwino amaciza nthenda za mafupa mofanana ndi mankhwala a m'mitsempha. Cotero adotolo akakutulutsani ndi mapiritsi, musaganize kuti akupeputsani. Mwani pa nthawi yace, ndipo mubwerere pa tsiku limene analemba.

Ena adzapatsidwa rifampicin pamodzi ndi mankhwala ena. Ameneyu amafiiritsa mkodzo, ndipo zimenezo siziopsya. Koma amacepetsa mphamvu ya mankhwala ena, monga ma ARV ena ndi mankhwala ena olera, cotero muwauze adotolo zonse zimene mumamwa. Amene ali ndi HIV asataye mtima. Madotolo a ku Blantyre anaona kuti odwala omwa ma ARV mokhulupirika amacira bwino pa opareshoni ya m'ciuno monga anthu ena.

KUDZISAMALA PA NCHITO ZA PAMUDZI

Kufikira ulusi utacotsedwa, ndiwo masabata 2 kapena pamenepo, bala likhale louma ndi lophimba. Wosintha bandeji asambe m'manja ndi sopo. Musasambe kumtsinje, musalowe m'madzi a mpunga, m'dimba lamatope kapena m'khola, ndipo musanyamule manyowa kufikira adotolo atabvomera.

Mutacira, bvalani nsapato kumunda. Khasu kapena cisonga cikakucekani, tsukani pomwepo ndi madzi oyera ndi sopo. Cithupsa, dzino lowawa, kumva kuotcha pokodza, zonsezi kwa munthu wacitsulo ndi zopita nazo kucipatala msanga. Galu kapena mphaka akakulumani, pitani tsiku lomwelo. Mkaka muziuwiritsa, ndipo musagwire ndi manja amaliseche mwana wa ng'ombe kapena wa mbuzi wopolozedwa, pakuti nthenda yopolozetsa ziweto imalowanso m'mfundo za anthu.

Amene ali ndi nthenda ya shuga aisamale, cifukwa shuga wokwera amafooketsa asilikali a m'mwazi. Fodya limani ndi kugulitsa, koma wokonzekera opareshoni aleke kusuta mwezi wathunthu isanacitike, ndipo asayambenso, pakuti utsi umacedwetsa bala kupola. Bala limapola ndi cakudya. Patsani wodwala nyemba, nsinjiro, mazira, usipa, mkaka ndi ndiwo zamasamba, osati nsima ndi mcere wokha.

Mau onsewa akhudzanso anyamata athu amene anathyoka pa ngozi za njinga zamoto kapena ngolo, naikidwa citsulo cogwira pfupa. Iwo ndiwo ambiri m'midzi kuposa a mfundo zacitsulo, ndipo tizirombo timakonda citsulo cao cimodzimodzi.

KWA INU MAFUMU NDI NYAKWAWA

Kawirikawiri cimene cimacedwetsa wodwala si umbuli iai. Amadziwa kuti mwendo suli bwino, koma amaganiza za ndalama ya ulendo, za munda wosapalira ndi za mbuzi zopanda wozimanga. Amati ndipita ndikatha kubandira. Pofika pamenepo masabata 3 aja apita.

Pamenepa ndipo pali nchito yanu. Dziwani anthu a m'mudzi mwanu amene ali ndi citsulo m'thupi, ndipo mlangizi wa zaumoyo awadziwenso. Wina akadwala, itanani abale ace tsiku lomwelo, mupangane za ngolo, njinga kapena galimoto. Itanitsani dima kuti munda wace upaliridwe iye ali kucipatala. Sankhani womudikira amene angakhale naye masabata angapo, ndi wina wotsala ndi ana. Mutu umodzi susenza denga.

Wodwala anyamule buku lace la kucipatala, makalata onse a opareshoni ndi zithunzi za X-ray. Amene anacitidwa kunja kwa dziko asunge bwino pepala lonena mtundu wa citsulo cimene anamuika, pakuti adotolo a kuno adzalifuna. Akafika pa cipatala ca boma apemphe kuonana ndi acipatala a mafupa, ndipo iwo adzamutumiza ku cipatala cacikuru ngati kufunika.

Ndipo pa milandu ya m'mudzi, musalole kuti bala locuca likhale cifukwa colozerana zala za ufiti. Pamene abale alikukangana pabwalo, tizirombo tirikugwira nchito yace.

Tsono kumbukirani zinthu zitatu izi. Bala locuca, kutupa, kapena kuwawa kokulirakulira pamene pali citsulo, ndi ulendo wa kucipatala lero lomwe. Musamwe mankhwala opha tizirombo acipatala asanakuoneni. Mukapatsidwa mankhwala, malizani onse.

Sabata yamawa tidzabwerera ku nkhani zathu za kumunda.